Abusa, kodi ndende ya Chichiri ndi nthambi ya mpingo?

Abale anzanga, nkhani ya amuna ogonana ndi amuna anzawo ikangotuluka, ife Amalawi timachita ngati mwalowa njoka m'nyumba. Uyu akukuwa kuti "Sodomu!", uyo akubweza kuti "mbuli inu, dziko linapita patsogolo", basi nkhani yathera pompo. Zaka zoposa 15 tikutukwanana chonchi, ndipo palibe mbali imene yamvapo mnzake.

Ine ndine Mkhristu, ndipo sindikupempha m'busa aliyense kuti asinthe ulaliki wake. Funso langa ndi limodzi: kodi chilichonse chimene mpingo umati ndi tchimo chikhalenso mlandu wa apolisi? Ngati ndi choncho tiyeni timange ndende zambiri. Chigololo ndi tchimo. Kuledzera ndi tchimo. Mitala mipingo yambiri imaikana. Nanga ndani anagwirapo ukaidi wa zaka 14 chifukwa ali ndi chibwenzi cha mseri ku Ndirande? Bwenzi mipando ya madikoni ili pululu Lamulungu, tinene zoona.

Koma zaka 14 ndi zimene khothi la ku Blantyre linapereka kwa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga mu May 2010, atachita chinkhoswe mu December 2009. Bingu anawakhululukira patangopita masiku ochepa, Ban Ki-moon ali m'dziko. Aliyense anaona kuti wakakamizidwa, ndiye chiyambire pomwepo nkhaniyi inasanduka ya "azungu akutilamula". David Cameron anathira mafuta pamoto mu 2011 ponena kuti Britain iganizanso za thandizo kwa mayiko amene amamanga anthuwa. Chonsecho lamulo limene tikuliteteza ngati chikhalidwe cha makolo athu, gawo 153 ndi 156 la Penal Code, anatisiyira ndi azungu omwewo m'nthawi ya Nyasaland. Kwawo ku England analichotsa mu 1967. Ife m'malo mwake tinawonjezera gawo 137A mu 2011 kuti akazi nawonso azimangidwa.

Tsono taonani zimene zinachitika mu July 2023. Atsogoleri a mipingo, pamodzi ndi Asilamu, anayenda m'misewu kukana maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Ufulu wawo, sindikutsutsa. Koma mlandu umene unali ku khothi nthawi imeneyo sunali wa ukwati ayi. Unali wofunsa ngati malamulo omanga anthu aja akugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Za ukwati lamulo la 2015 linanena kale kuti ndi wa mwamuna ndi mkazi. Amayi a mvano amene anaguba padzuwa tsiku lija, alipo anawafotokozera kusiyana kumeneku? Khothi linagamula mu June 2024 kuti malamulowo akhale. Chabwino, mwapambana. Tsopano munthu uja akalowa ku Chichiri kapena ku Maula, amatuluka atalapa? Inu mukudziwa zimene zimachitika m'ndende zathu, tisanamizane.

Chimene chimandinyansa n'chakuti njira yokambirana ili m'mabuku a mipingo yomweyo, koma atsogoleri amawerenga theka. Msonkhano wa mabishopu a Anglican ku Lambeth mu 1998 unakana mchitidwewu, inde, koma chigamulo chomwecho chinalonjeza kumvetsera anthu amenewa ndi kuwasamala mu uzimu. Katekisimu wa Akatolika amaletsa kuwasala. Malemu Papa Francis ananena poyera mu January 2023 kuti kukhala wotere si mlandu, ndipo sanasinthe chiphunzitso cha ukwati ngakhale pang'ono. Mabishopu athu a Katolika anakana kudalitsa mabanja otere mu December 2023. Zimenezo ndi za m'tchalitchi mwawo, palibe angawaletse. Koma kukana kudalitsa ndi kwina, kuitana apolisi ndi kwinanso.

Ine ntchito yanga ndi ya unamwino, ndiye ndilankhule za ku wodi. Munthu amene akuopa kumangidwa sanena zoona kwa dokotala. Amabwera mochedwa, matenda atakula, ndipo amanama za pamene pakupweteka. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009, yemwe a CEDEP anatengapo mbali, anapeza kuti mwa amuna otere amene anayezedwa ku Malawi, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi HIV. Ena mwa iwo anali ndi akazi kunyumba kapena zibwenzi zachikazi. Mkazi ameneyo ndi mlongo wanu, amayimba kwaya limodzi ndi inu. Ndiye mukati "afe okha", dziwani kuti kachilombo sikafunsa kalata ya ubatizo. Komanso zipatala za CHAM, zimene ndi za mipingo, ndi zimene zimathandiza anthu ambiri kumidzi. Masisitere ndi anamwino a kumeneko akhala akusamala odwala amenewa mwakachetechete kwa zaka zambiri. Kukambirana kunayamba kale pa bedi la wodwala, kwangotsala akuluakulu a makolala oyerawa.

Nanunso a zaufulu ndikuuzeni. Kumangochita misonkhano m'mahotela a ku Mangochi, Chizungu chokhachokha, ma alawansi m'thumba, kenako n'kumatcha agogo a ku Ntchisi anthu a chidani, simungakope nako munthu. Agogowo sakudana ndi wina, akukhulupirira zimene anaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu. Mukathamangira kwa akazembe musanapite kwa abusa a m'dera, mukungotsimikizira bodza lija loti zonsezi ndi za ndalama za azungu.

Za ukwati zisiyeni kaye, simugwirizana, mwina mpaka kalekale. Khalani pansi pa zinthu zimene Mkhristu aliyense angayankhe osaphwanya chikhulupiriro chake. Mwana akathamangitsidwa pakhomo chifukwa cha nkhaniyi akagone kuti? Munthu akamenyedwa ndi gulu pa msika, mpingo ukhale chete? Wodwala akauza namwino chinsinsi chake, chikafike kwa apolisi? A Malawi Council of Churches, a Evangelical Association ndi mabishopu anatha kusonkhanitsa anthu masauzande pa tsiku limodzi mu 2023. Mipando khumi, tebulo limodzi ndi Fanta sizingawakanike. Ndani mwa abusa amene mukuwerenga pano angalole kuti msonkhano woyamba ukachitikire mu holo ya tchalitchi chake?