Nyanja Yopanda Eni Ake Kulibe

Anzanga a m'bwalo lino la alembi, ndili ndi mlandu ndi munthu wina wosabadwa kwa mkazi, wojambulidwa ndi inki basi. Dzina lake ndi Mark Trail. Anamulenga ndi Ed Dodd wa ku Georgia, ku America, m'chaka cha 1946, ndipo Dodd atapuma mu 1978, Jack Elrod anapitiriza nthano ya zithunzi imeneyi kufikira 2014. Trail wa amuna aŵiriŵa ndiye ndikumuzenga.

Iyeyu ndi mlembi wa magazini ya zachilengedwe, ndipo amakhala ku nkhalango yotchedwa Lost Forest pamodzi ndi galu wake, Andy. Ulendo wake wa kunyanja ndi wodziŵika. Atenga kabwato ndi ndodo yoŵedzera, afika panyanja yakutali pamene pali zii, aponya mbedza. Posakhalitsa patulukira anthu oipa, opha nyama mozemba kapena ozembetsa katundu. Trail aŵathira chibakera, chilengedwe chipulumuka, iye abwerera kwawo.

Sindikana kuti Dodd ankadziŵa kujambula nsomba ndi mbalame, ndiponso kuti masamba ake a Lamulungu anaphunzitsa ana ambiri makhalidwe a nyama. Koma funso langa nali: kodi eni ake a nyanja zimenezi ali kuti? Bwanji munthu woŵedza mocheza ndiye ngwazi, pamene woŵedza kuti ana ake apeze ndiwo sitimuona pakati pa nkhani?

Bata limeneli lili ndi mbiri yake. Mu 1991 boma la America linapatula dera lina m'mapiri a kumpoto kwa Georgia n'kulitcha Mark Trail Wilderness. Mapiri ameneŵa anali dziko la Acherokee, amene asilikali anaŵasamutsa mokakamiza mu 1838, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anafa pa msamuko umenewo. Taganizani, anzanga: eni dziko anapitikitsidwa, dziko n'kulandira dzina la munthu wa papepala! Malo otere akakhala zii, si kuti Chauta anaŵalenga opanda anthu. Wina anayamba wasesa.

Mwina mufunsa kuti za ku Georgia zitikhudza bwanji ife. Zitikhudza chifukwa diso la Trail ndi lopatsirana ngati chimfine. Taŵerengani timabuku toitanira alendo ku Nyanja ya Malaŵi: mchenga woyera, mbuna zamaŵangamaŵanga, dzuŵa likuloŵa. Msodzi akaonekamo, ndi chithunzithunzi chakuda m'bwato, chokometsera chabe. Alibe dzina, alibe ngongole ya ukonde, saopa mwera. Komatu pamene boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, mudzi wa Chembe unali pomwepo, ndipo ulipobe, usipa uli pathandala. Ku chilumba cha Mbenji, ku Salima, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula mwa lamulo la Mfumu Makanjira ndi anthu ake, kuti nsomba ziswane. Kumeneko palibe mlendo wachibakera amene anadzaŵaphunzitsa.

Choncho wina akandiuza kuti izi ndi zoseketsa ana chabe, ndimakana. Mwana amene waphunzira kuti nyanja yabwino ndi yopanda anthu, akakula n'kupatsidwa ofesi, sadzavutika mtima posaina kalata yochotsa mudzi pagombe kuti pamangidwe hotela.

Sindikunena kuti asodzi onse ndi angelo. Alipo okokera maukonde a udzudzu m'malo oswanira nsomba, ndipo kuchepa kwa chambo tonse tikukuona pamtengo wake pamsika. Koma imeneyo ndiyo nkhani yeniyeni: njala ikulimbana ndi maŵa m'mtima mwa munthu mmodzi yemweyo. Chibakera sichingaithetse.

Inu ojambula ndi inu olemba, nthano ya panyanja tiilembe ndithu, koma nkhafi tiipereke kwa mwini bwato. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Trail akapachika ndodo yake n'kubwerera kwawo, wotsala ndi nyanjayo ndani?