KUSEKA KUMENE KUNADZUDZULIDWA KU NEW YORK

Kumayambiriro a caka ca 2025, mumzinda wa New York ku America munabuka mkangano cifukwa ca kuseka. Woyimba wochuka Adam Lambert, amene anali kusewera m'sewero la nyimbo lochedwa Cabaret, anaima pakati pa nyimbo, nayang'ana oonerera amene anali kufa ndi phwete, nawauza kuti mau amenewo sanali oseketsa, ndipo kuti achere khutu. Ena anati anacita mwano kwa anthu amene analipira ndalama zao pakhomo. Koma munthu akaidziwa nkhani ya seweroli, adzaona kuti woyimbayo sanalakwe.

Cabaret linaonetsedwa koyamba ku New York mu 1966, ndipo nyimbo zake anapeka ndi John Kander ndi Fred Ebb. Linayambidwanso ku London mu 2021, kenaka ku New York mu 2024. Nkhani yake icitikira mumzinda wa Berlin ku Germany ca m'ma 1930, m'nyumba ya mowa ndi magule kumene anthu agonera kuvina ndi nthabwala, pamene kunja cipani ca Nazi ca Adolf Hitler ciri kukula. M'sewerolo muli mai wacikulire wobwereketsa zipinda, amene atomeredwa ndi mkulu wina wogulitsa zipatso, Myuda. Njerwa itaponyedwa pazenera la sitolo ya mkuluyo, maiyo acita mantha nathetsa citomero. Hitler anatenga boma mu 1933, ndipo pofika 1945 Ayuda okwana 6 miliyoni anali ataphedwa.

Nyimbo imene inadzetsa mkangano njocititsa cidwi. Mtsogoleri wa magule abwera ndi munthu wovala ngati nyani wamkulu, navina naye, napempha anthu kuti asanyoze cikondi cao. Oonerera aseka, pakuti nzoseketsadi. Koma pa mau otsiriza iye aulula kuti nyaniyo aimira mkazi Waciyuda. Apa opeka sewero anachera msampha: afuna kuti munthu adzidzimuke, acite manyazi poona kuti wakhala akuseka pamodzi ndi a Nazi.

Mu 1966 mauwo anawawa kwambiri kotero kuti anasinthidwa seweroli lisanafike ku New York. Joel Grey, amene anali woyamba kusewera mbali imeneyi, analemba m'nyuzipepala ya New York Times mu November 2024 kuti kale anthu anali kuzizidwa nkhongono pakumva mauwo, koma tsopano ena aseka. Sewero ndi lomwelo. Asintha ndi oonerera.

Oteteza osekawo ati munthu nthawi zina aseka cifukwa ca manyazi kapena kudzidzimuka. Zimenezi nzoona, ndipo si onse anaseka amene adana ndi Ayuda. Komabe seweroli liphunzitsa kuti cidani sicinakule ndi anthu oipa mtima okha. Cinakula pakati pa anthu wamba amene anamva mtundu wina ukuyerekezedwa ndi nyama, naseka, naitanitsa mowa wina. Mai wa zipinda uja sanali kudana ndi bwenzi lake; anangoona kuti palibe womuimirira. Cifukwa cake kudzudzula kwa woyimbayo kunathandiza sewero kugwira nchito yake.

Anthu a kumidzi kuno adziwa bwino kusiyana kwa nthabwala. Pa cimbuya ca Angoni ndi Abemba mau owawa ayankhulidwa, koma wonenedwayo ali pomwepo, abweza, ndipo onse aseka pamodzi. Tsiku la maliro mbuya yemweyo ndiye afika kudzathandiza kuphika ndi kukumba manda. Nthabwala ya nyani ija inali ya mtundu wina. Wonenedwayo analibe pakamwa poyankhira, ndipo osekawo sanafike pa maliro ake.

Dziko la Zambia liri ndi mitundu yoposa 70, ndipo mau akuti dziko limodzi, mtundu umodzi sasungidwa ndi boma lokha. Asungidwanso pa mowa, pa citsime ndi pa misonkhano ya ndale, pomwe wina akhoza kucha anthu a mtundu wina dzina la nyama kuti khamu liseke. Pamenepo pafunika mkulu mmodzi wolimba mtima woti aletse kusekako, ngakhale anzake amuyese wosadziwa nthabwala. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.