Bodza lopaka utoto

Cithunzi cimene Louis John Steele ndi Charles Goldie anajambula mu 1898, The Arrival of the Maoris in New Zealand, cikali ku Auckland Art Gallery, ndipo ena akali kucitama. Ine ndikuti ndi bodza. Taonani: thanga la bwato lang'ambika, anthu nthiti zili poyera ndi njala, ngati kuti mphepo inangowataya pagombe. Ngakhale magonedwe a matupiwo anacita kubwereka kwa Géricault wa ku France, amene anajambula opulumuka ngozi ya combo.

Kodi munthu wosocera amanyamula agalu ndi mbeu ya mbatata? Makolo a Amaori anafika nazo, akuwerenga nyenyezi ndi mafunde. Mu 1985 bwato la Hōkūleʻa linayenda kucoka ku Rarotonga mpaka ku Waitangi popanda kampasi.

Nanga bodzali linakomera ndani? Atsamunda, amene m'zaka za m'ma 1860 analanda minda ya ku Waikato ndi ku Taranaki. Mwini dziko akaoneka ngati wofika mwangozi, womulanda amagona tulo. Ondiuza kuti tizingoyang'ana luso cabe, ayambe akafunsa zidzukulu za anthu a m'bwatomo.