Mamita omaliza chombo chisanatere pa Mun

Loweruka lililonse madzulo, tikatha kudya, ine ndi mwana wa mlongo wanga timakhala pakompyuta kusewera gemu yotchedwa Kerbal Space Program. Iye ndiye anandiphunzitsa. Gemuyi anaipanga ndi a kampani ya Squad ya ku Mexico City, poyambira pa maganizo a Felipe Falanghe, ndipo inatuluka yathunthu mu 2015. Umamanga wekha chombo, kuchinyamutsa padziko longopeka la Kerbin, n'kuchiyendetsa mpaka kumwezi wake wotchedwa Mun. Kunyamuka sikunandivute kwenikweni. Chimene chinandigwira mtima, ndipo chikundigwirabe, ndi kutera.

Pa Mun palibe mpweya, monganso pamwezi wathu weniweni, choncho parachuti ndi katundu wongolemetsa. Mabuleki ako ndi injini basi. Chombo chikamazungulira Mun chapafupi chimathamanga mamita opitirira 500 pasekondi, ndipo liwiro lonselo uyenera kulipha pochitembenuza kuti injini iloze komwe ukupita. Ukaiyatsa msanga, mafuta amakuthera uli m'mwamba. Ukachedwa, nthaka imakupeza usanakonzeke. Pakati pa ziwirizi pali kampata ka masekondi ochepa.

Ulendo wanga woyamba ndinamenyetsa chombo paphiri nambala ya pasikirini ikusonyeza kuti kwatsala mamita oposa 2,000. Nambalayo sinaname. Inkawerenga kuchokera pamlingo wa nyanja, pomwe pansi panga panali chitunda. Mwanayo anandigwira paphewa.

"Amalume, ikani kuti iziwerenga kuchokera panthaka. Komanso musaiwale chithunzithunzi."

Kuyambira tsiku limenelo ndimatera kumbali yowala dzuwa, maso ali pachithunzithunzi cha chombo. Chimayamba ngati kadontho kakuda kutali uko pafumbi lotuwa. Pang'onopang'ono chimakula, miyendo inayi n'kuyamba kuonekera, chikuyandikira kudzakumana ndi mwini wake. Apo chala chimakhala pabatani la injini, kuonjezera pang'ono, kuchepetsa pang'ono, mpaka liwiro litsike kufika mamita 2 kapena 3 pasekondi. M'chipindamo simumveka munthu.

Wina atha kufunsa kuti bambo wamkulu n'kumatayira nthawi pa zoseweretsa zotere bwanji. Yankho langa lili mu April 2023, pomwe chombo cha Hakuto-R cha kampani ya ispace ya ku Japan chinagwa pamwezi. Chitadutsa pamphepete pa chidzenje chachikulu, chida chake choyezera mtunda chinaonetsa kusintha kwadzidzidzi, ndipo kompyuta inaganiza kuti chidacho chawonongeka, n'kusiya kuchikhulupirira. Chombocho chinkadziona kuti chafika pansi chikadali makilomita pafupifupi 5 m'mwamba. Chinapitiriza kutsika pang'onopang'ono, kufunafuna nthaka yomwe kunalibe, mpaka mafuta anatha. Nditawerenga zimenezi pambuyo pa ngozi yanga ya paphiri ija, mtima unandiwawa ngati ndinali nawo m'chipinda cha akatswiriwo ku Tokyo. Ndisanasewere gemuyi ndikanangoti makina alephera, n'kutsegula tsamba lina.

Palinso mdani wina wachete: kuyenda cham'mbali. Utha kutsika mofatsa bwinobwino, koma ngati chombo chikutsetserekabe kumanzere ngakhale pang'ono, mwendo umodzi umakola pansi, chonse n'kupendekeka. Chikakhala chachitali ndi chowonda ndiye sichichedwa n'komwe. Ine zanga tsopano ndimamanga zazifupi, miyendo yotangadza ngati mpando wa ndalema. Mu February 2024, Odysseus ya kampani ya Intuitive Machines, chombo choyamba cha ku America kutera pamwezi chichokereni Apollo 17 mu 1972, inafika ikuyendabe cham'mbali, mwendo unathyoka, n'kugona chopendekeka. Ambiri pa intaneti anaseka. Ine sindinathe kuseka, chifukwa ndinkadziwa kuti anthu aja anachita bwino zinthu zambirimbiri kuti afike poti n'kugwetsedwa ndi mwendo umodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimatsutsana ndi mphunzitsi wangayu. Gemuyi imalola kusunga pomwe wafika podina F5, ndipo zikavuta umadina F9 n'kubwerera. Iye amadina F9 akangoona kuti zayamba kupotoka. Ine ndimamuuza kuti apirire, aone ngati angachipulumutse, chifukwa nzeru zambiri zimabwera pamene dongosolo lasokonekera. Pa 20 July 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin akutsikira pamwezi ndi chombo cha Eagle, kompyuta inayamba kuliza chenjezo la 1202, kenako Armstrong anaona kuti akulowera pamalo odzaza miyala ikuluikulu. Anayendetsa yekha chombocho kupitirira miyalayo, Charlie Duke ali ku Houston akumuuza kuti kwatsala mafuta a masekondi 60, kenako 30. Manja amenewo anali ataphunzira movutikira: mu May 1968, makina oyesererapo kutera pamwezi anam'kanika m'mwamba ku Texas, iye n'kudziponya kunja ndi parachuti makinawo atangotsala pang'ono kugwa n'kuyaka.

Loweruka lapitali mwanayo anavomera kuyesa osakhudza F9. Anatsikira m'chidzenje chomwe sanachifune, pansi pake potsetsereka. Ndinaona chala chake chikupita ku batani lija, kenako n'kubwerera. Anawonjezera injini pang'ono, kusunthira chombo kutsogolo kufuna pafulati, kamzere ka mafuta kakungochepa. Chithunzithunzi chinakumana ndi miyendo. Chombocho chinagwedera kamodzi, mwendo wakumanja unanyamuka, n'kubwereranso pansi.

Anazimitsa injini, n'kupukuta manja pakabudula.

"Amalume, mafuta otsalawa satifikitsa kwathu."

Tinayang'ana tonse. Analidi osakwana. Loweruka likubwerali tikumanga chombo china chokatenga Jebediah Kerman, woyendetsa chombo wa mugemuyi amene watsala pa Mun, ndipo nachonso chiyenera kukatera pafupi ndi chidzenje chomwecho.