Katemera Sathamangitsa Kabawi

Pa nkhani ya nkhuku zachikuda, ife ofufuza ndi alangizi tayika mtima kwambiri pa chitopa. N'zoona kuti katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, wapulumutsa nkhuku zambiri m'maiko athu. Koma mwanapiye wotemeredwa amatengedwabe ndi kabawi. Kumene nkhuku zimangoyendayenda, kawirikawiri theka la anapiye silifika miyezi iwiri, ndipo ambiri amathera ku zilombo.

Taganizirani za Hopley, kum'mwera kwa Harare. Boma lidasamutsira anthu kumeneko m'chaka cha 2005, pa nthawi ya Operation Murambatsvina, ambiri kuchokera ku Porta Farm. Mapoloti ndi aang'ono, nyumba n'zothithikana. Adani a nkhuku kumeneko, monganso ku Ndirande kapena ku Kanyama, ndi makoswe, agalu, amphaka, akhwangwala ndi akabawi. Banja likataya anapiye, lataya ndiwo ndi ndalama zogulira mwana makope.

Khola la njerwa ndi simenti limene timajambula m'mabuku athu siliyenera anthu oterewa. Ambiri akhala zaka popanda chikalata cha umwini wa malo, ndipo sangathire ndalama pa chinthu chosanyamulika. Tiwaphunzitse khola laling'ono la mitengo kapena matabwa, lokwezedwa mita imodzi kuchokera pansi. Pa mwendo uliwonse pakhomeredwe lata lopindidwa ngati chipewa kuti khoswe asakwere. Chitseko chitsekedwe dzuwa likamalowa, tsiku ndi tsiku.

Mpanda wa anapiye ndiwo wofunika koposa. Waya wa nkhuku wa maso aakulu amatsekera nkhuku, koma khoswe wamng'ono amadutsa. Wa maso a mamilimita 13 ndiwo wabwino. Akwiriridwe pansi masentimita 30 kuti galu asakumbe, ndipo pamwamba pafoleredwe, chifukwa kabawi ndi khwangwala amadzera kumwamba. Anapiye akhale m'menemo masabata 6 mpaka 8 oyamba, akupatsidwa madzi, madeya, masamba ndi chiswe. Nkhuku yotsekeredwa siitha kudzifunira chakudya, choncho tisalangize za mpanda popanda kunena za chakudya. Madzulo zotsala zichotsedwe, pakuti ndizo zimayitana makoswe.

Alangizi anzanga a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, mukapita kukatemera nkhuku, musachoke musanaone pogona pake. Funsani kuti thadzi lidaswa anapiye angati ndipo atsala angati. Yankho lake ndilo muyeso wa ulangizi wathu.