Kuonda akunena, kunenepa akunena: tiyi wochepetsa thupi wapeza msika ku Chowe

Kwa zaka zambiri, mayi wa kwa Chowe m'boma la Mangochi akabwera kudzaona abale atakhala nthawi ku Blantyre kapena ku Joni, moni wosangalatsa kwambiri umene amalandira unali wakuti, “Chemwali, mwanenepatu!” Mawuwa sanali chipongwe. Ankatanthauza kuti kumene ali akudya bwino, bambo akumusamala ndipo matenda ali kutali naye. Lero mawu omwewo, akanenedwa kwa mtsikana wa zaka 25 yemwe ali ndi foni ya WhatsApp m'manja, akhoza kumugoneka ndi nkhawa, ndipo m'mawa mwake n'kuyamba kufunsa mtengo wa tiyi wochepetsa thupi.

Malonda a tiyiyu, amene ogulitsa amamutchula kuti green tea kapena slimming tea, safuna sitolo. Amayenda pa Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo katunduyo amafika pa minibasi kapena m'zikwama za amene akuchokera ku South Africa. Kutsatsa kwake n'kofanana paliponse: zithunzi ziwiri za mayi mmodzi, china ali ndi mimba yotuwa m'chitenje, china atavala diresi yothina, kenaka lonjezo lakuti pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mimba iphwa. Foni siisankha kuti uyu ali ku Namiwawa, uyu ali pamsewu wokwera mapiri wopita ku Namwera ndi ku Chiponde. Chimene chaonedwa mumzinda m'mawa, madzulo chafika kwa Chowe.

Tisanafike pa tiyi mwiniwakeyo, n'kofunika kuvomereza kuti nkhawa ya amayiwa ili ndi pogwira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16, yemwe adachita ndi nthambi ya boma ya National Statistical Office, adapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyezo woyenera msinkhu wawo. Mu 1992 chiwerengerochi chinali pafupifupi theka la pamenepa. Kafukufuku wina, wa bungwe la MEIRU, yemwe adachitika ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adapeza kuti amayi 44 mwa 100 mumzinda ndi 27 mwa 100 kumudzi anali onenepa mopitirira. Kwa abambo ziwerengero zinali 18 ndi 9. Ndiye kuti vutoli lagwera kwambiri amayi, ndipo silikuthera m'tauni.

Chodabwitsa n'chakuti izi zikuchitika m'boma limene limadziwika ndi vuto losiyana kotheratu. Kafukufuku yemweyo wa 2015-16 adaonetsa kuti ana 45 mwa 100 osafika zaka 5 ku Mangochi anali opinimbira, pamene dziko lonse anali 37. Zipatala za Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera zakhala zikulandira akatswiri ofufuza za kuperewera kwa zakudya m'thupi mwa amayi oyembekezera ndi ana kwa zaka zambiri. Choncho si zachilendo kupeza pakhomo limodzi mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira. Zonsezi zimachokera mu mbale imodzi: nsima ya ufa woyera yambiri, ndiwo zochepa, mandasi ndi tchipisi zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, tiyi wa masupuni atatu a shuga, zakumwa zotsekemera. Chakudya chokhutitsa n'chotchipa kusiyana ndi chakudya chomanga thupi. Ngakhale m'mbali mwa nyanja, chambo chidasanduka ndiwo ya alendo ndi apaulendo. Onjezeranipo kabaza wa njinga yamoto, yemwe wachotsa maulendo ambiri amene kale amayi ankayenda pansi.

Nanga tiyi wobiriwira amathandiza? Tiyiyu si chitsamba chachilendo. Amachokera ku mtengo womwewo umene umatipatsa tiyi wakuda wa ku Thyolo ndi Mulanje. Kusiyana kwake n'kwakuti masamba a tiyi wobiriwira amawatenthetsa msanga akangothyola kuti asade. Esiteti ya Satemwa ku Thyolo, yomwe idayamba mu 1923, imapanga tiyi wotereyu konkuno. Ndi chakumwa chabwino, ndipo womwa popanda shuga m'malo mwa botolo la zotsekemera wachita bwino. Koma pa nkhani yochepetsa thupi, umboni ndi wofooka kwambiri. Mu 2012 bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza za madokotala padziko lonse, lidaunika mayeso amene anthu onenepa adapatsidwa zinthu zopangidwa kuchokera ku tiyi wobiriwira kwa sabata zosachepera 12. M'mayeso ochitikira kunja kwa Japan, kusiyana kwa omwa tiyiyo ndi osamwa kunali pafupifupi magalamu 40. Dzira limodzi la nkhuku limalemera kuposa pamenepo.

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani ena amalumbira kuti adamwa ndipo mimba idaphwa? Apa ndi pamene pali choopsa. Zambiri zogulitsidwa m'dzina la tiyi wochepetsa thupi sizikhala tiyi yekha. Kawirikawiri amasakanizamo masamba a senna, omwe ndi mankhwala otsegula m'mimba, kapena zitsamba zokodzetsa. Munthu akatsegula m'mimba masiku atatu, sikelo imatsikadi, koma chatuluka ndi madzi, osati mafuta. Akasiya kumwa thupi limabwerera pomwe linali, ndipo wogulitsa amakhala akudikira ndi paketi ina. Kutsegula m'mimba kotereku kumathanso kulepheretsa mapiritsi olera kugwira bwino ntchito, chinthu chomwe palibe wogulitsa amachitchula.

Pali zoopsa zoposa apa. Mankhwala otchedwa sibutramine adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 atapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi kufa ziwalo, koma bungwe la FDA la ku America lakhala likuwapeza atabisidwa m'zinthu zochepetsa thupi zolembedwa kuti n'zachilengedwe. Ngakhale tiyi wobiriwira weniweni, akamufinya n'kumuika m'makapisozi amphamvu, amasintha nkhope. Mu 2018 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, lidati tiyi wofulula m'kapu alibe vuto kwa anthu ambiri, koma kumwa mamiligalamu 800 kapena kuposerapo patsiku a chinthu chotchedwa EGCG cha m'makapisozi kukhoza kuvulaza chiwindi. Paketi yofika pa minibasi, yolembedwa m'chinenero chimene wogula sangawerenge, sinena kuti muli zochuluka bwanji.

Kwa amayi a ku Mangochi palinso mfundo ina imene otsatsa a kunja saiganizira. Mayi mmodzi mwa atatu aliwonse m'dziko muno anali ndi vuto la kuchepa magazi pa kafukufuku wa 2015-16, ndipo m'madera a malungo ndi likodzo ngati a m'mbali mwa nyanja vutoli si lachilendo. Tiyi, wakuda kapena wobiriwira, akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likadatenga m'chakudyacho. Mayi amene akudumpha nkhomaliro n'kumamwa makapu asanu a tiyi patsiku, kwinaku akuyamwitsa, akudzikumbira dzenje lina pofuna kukwirira loyamba.

Komabe kungonena kuti tiyiyu sagwira ntchito sikungathetse malondawa, chifukwa chimene chikugulitsidwa kwenikweni si tiyi. Chikugulitsidwa ndi mpumulo ku maso ndi pakamwa pa anthu. Ndipo pakamwa pa anthu pano pali mawu awiri otsutsana.

Mawu oyamba ndi akale. Amene adakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira zimene kuonda kunkatanthauza mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Munthu akatsika thupi, anthu ankanong'onezana pachitsime, ndipo mawu akuti kaliwondewonde anali ngati chiweruzo. Mantha amenewo sanathe. Mpaka lero mayi wapabanja akaonda, apongozi amafunsa ngati akudwala, achibale ake amafunsa ngati bambo akumumana chakudya kapena apeza wina ku Joni. Kafukufuku wa Valerie Flax ndi anzake, kuphatikizapo akatswiri a ku College of Medicine, yemwe adachitika pakati pa amayi a ku Lilongwe ndi Kasungu ndipo adasindikizidwa mu 2020, adaonetsa kuti amayi ambiri amaona thupi lalikulu ngati chizindikiro cha thanzi, kwa iwo eni ndi kwa ana awo omwe.

Mawu achiwiri ndi a pafoni. Kumeneko mkazi wokongola sakhala woonda ngati a m'mafilimu a azungu, ayi. Amafunika akhale ndi mbina ndi chiuno chopapatiza, koma mimba ikhale yosalala ngati sanaberekepo. Thupi lotere ndi la anthu ochepa kwambiri, ndipo zithunzi zambiri zimene timaona zimakhala zokonzedwa ndi kompyuta, lamba womanga pamimba kapena mpeni wa dokotala. N'chifukwa chake si zodabwitsa kuona tsamba limodzi likutsatsa tiyi wophwetsa mimba pamwamba, ndipo pansi pake mankhwala okulitsa mbina. Ena mwa mankhwala onenepetsawa, monga Apetamin yemwe adatchuka m'maiko ambiri, ali ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo omwe amapatsa njala ndi tulo. Wogulitsa sataya kanthu. Mtsikana akadziona woonda amugulitsa botolo, akadziona wonenepa amugulitsa paketi.

Mayi wa kwa Chowe ali pakati pa mawu awiriwa. Apongozi akufuna anenepe kuti mudzi uone kuti mwana wawo amasamala banja. Bambo amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, yemwe amamuona mkazi wake pa chithunzi cha pafoni basi, mwina wayamba kuponya timawu ta mimba. Mayiyo wabereka ana atatu kapena anayi, ndipo thupi lobereka limasintha. Palibe tiyi amene angabweze zimenezo, koma ndalama ya bankimkhonde kapena ya geni ya usipa imapita ndithu.

Pali mbali ina imene imakambidwa pang'ono, koma ndi imene ikhoza kutayitsa miyoyo. Kunenepa kwina kumabwera ndi mankhwala a kuchipatala. Jakisoni wolera wa miyezi itatu, yemwe ndi njira yolera imene amayi ambiri apabanja m'Malawi amagwiritsa ntchito, amanenepetsa amayi ena. Kuyambira mu 2019 dziko lino lidayamba kusamutsira anthu omwa ma ARV ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe ndi amphamvu polimbana ndi kachilombo, koma kafukufuku wa ADVANCE yemwe adachitika ku Johannesburg adaonetsa kuti omwa mankhwalawa, makamaka amayi, amawonjezera thupi. Mayi amene sanauzidwe zimenezi akhoza kusiya jakisoni mwakachetechete, kapena kuyamba kudumphitsa mapiritsi, kapena kuwonjezera tiyi wotsegula m'mimba pamwamba pa mankhwala amene akumusunga ndi moyo. Nkhani yotere ndi yofunika kukambirana ndi namwino kapena dokotala, amene angathe kuyeza ndi kusintha njira ngati kuli koyenera, osati ndi mwini tsamba la pa Facebook.

Apa ndi pamene ntchito zaumoyo zasiya mpata. Mayi wa kumudzi amakwera sikelo akakhala woyembekezera, ndipo akabereka sikelo imasanduka ya mwana. Uthenga wa zakudya umene wafika m'midzi kwa zaka zambiri, kudzera mwa alangizi a zaumoyo ndi magulu a amayi, ndi wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi kuteteza ana ku kunyentchera. Ndi uthenga wofunika, koma sunena kanthu kwa mayi wa zaka 35 amene mawondo ayamba kuwawa ndipo mutu sukusiya. Pomwe kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Chimene mayi wonenepa akufunika kudziwa msanga si kukula kwa diresi yake. Ndi BP yake ndi shuga wake. Kuyeza zimenezi m'zipatala za boma n'kwaulere, pamene paketi ya tiyi ndi ya ndalama.

Ku mbali ya malamulo, mabungwe alipo. Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ili ndi udindo woyang'anira mankhwala ndi katsatsidwe kake. Malawi Bureau of Standards imaona za zakudya ndi zakumwa, ndipo Competition and Fair Trading Commission imalandira madandaulo a kutsatsa konyenga. Vuto n'lakuti tiyi wochepetsa thupi amadutsa pakati pawo ngati mlamba m'manja. Pachipata ndi chakumwa, pafoni ndi mankhwala, ndipo wogulitsa alibe sitolo yoti n'kutseka. Maiko ena adayesapo kugwira malondawa pakhosi. Mu 2019 Instagram idaletsa kuti zotsatsa zina za zochepetsa thupi zizioneka kwa ana osafika zaka 18, ndipo mu 2020 bungwe la FTC ku America lidalipiritsa kampani ya tiyi ya Teami chifukwa cha malonjezo opanda umboni. Kuno, choyamba chimene chingatheke n'chakuti mabungwe athu agule mapaketi amene ali pamsika, awayeze, ndi kulengeza pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao zimene apezamo. Mawailesi a m'madera ngati Dzimwe ndi Lilanguka amamveka m'makhitchini momwe tiyiyu akufululidwa.

Ndipo ogulitsa ambiri si achifwamba. Ndi amayi anzawo, apamsika kapena a mu saluni, amene adaoda katoni pofuna kupeza ya sopo ndi ya fizi, ndipo ena amamwa okha tiyiyo ndi chikhulupiriro chonse. Mmodzi akadwala chiwindi kapena kukomoka ndi kutsegula m'mimba, dzina limene lidzatchulidwe pabwalo la amfumu ndi la mayi wa mu saluniyo. Amene adalongedza paketiyo ali kutsidya kwa malire.