CHAMBA CHA M'MASWITI: LAMULO LISAFEWETSEDWE

Dziko la Canada lidaloleza anthu akuluakulu kusuta chamba m'chaka cha 2018, ndipo mu Okutobala 2019 lidavomerezanso kuti chambacho chizithiridwa m'maswiti, m'chokoleti, m'mabisiketi ndi m'zakumwa. Komabe boma lidamanga mpanda wolimba. Lidalamula kuti m'paketi imodzi musapitirire mamiligalamu 10 a THC, yomwe ndiyo mphamvu yoledzeretsa ya m'chamba. Wogulitsa popanda chilolezo, kapena wogulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18, akhoza kukaseweza kundende mpaka zaka 14. Ndipo wokongoletsa paketi mokopa ana akhoza kulipitsidwa mpaka madola 5 miliyoni, kapena kumangidwa zaka zitatu.

Amalonda ena mpandawu ukuwathina. Iwo amati mamiligalamu 10 ndi ochepa, ndipo ogula amathawira kwa ogulitsa mobisa. M'chaka cha 2023 bungwe la Competition Bureau lidayimba nawo nyimbo yomweyo, nkupempha kuti malirewo aunikidwenso. Mwamwayi, mu 2024 akatswiri otsogoleredwa ndi a Morris Rosenberg, omwe adatumidwa kuunika lamuloli, adalangiza kuti malirewo akhale momwemo. Adachita bwino. Kodi ndi liti pamene mwini munda adagwetsa mpanda chifukwa chakuti mbuzi zikudumpha?

Anthu a maganizo oterewa amaiwala dala kuti chamba chodya si chimodzimodzi ndi chosuta. Wosuta amamva mphamvu yake m'mphindi zochepa. Wodya amadikira theka la ola, mwina mpaka maola awiri, asanamve kanthu; pakali pano n'kuti ataonjezera kale china, poganiza kuti choyambacho n'chosagwira. Ngati wamkulu wodziwa chimene wadya amanyengeka chotere, nanga mwana wa zaka zitatu? Iye saona chamba ayi. Amaona switi, ndipo switi sadya imodzi. Amamaliza paketi yonse, kenaka amayamba kuodzera, kudzandira, nthawi zina kubanika ndi kukomoka kumene. Ku America, malipoti a ana osakwana zaka 6 odya zakudya zachamba adali 207 m'chaka cha 2017. Pofika 2021 adakwana 3,054.

Umboni wina uli m'Canada momwemo. Chigawo cha Quebec chidakaniratu maswiti, chokoleti ndi zonuna zina zachamba. Madokotala atawerenga ana ogonekedwa m'zipatala, adafalitsa m'chaka cha 2022 kuti chiwerengero chidakwera kwambiri ku Ontario, Alberta ndi British Columbia, kumene maswitiwo adaloledwa, kuposa ku Quebec. Ameneyu si mphekesera ya kumowa. Ndi mabedi a m'chipatala.

Cholakwika si kukula kwa chilango, koma ulesi wochigwiritsa ntchito. Ogulitsa mobisa pa intaneti amakutira chamba m'mapaketi ofanana ndi a maswiti enieni, mwakuti ngakhale kholo latcheru likhoza kupusitsika. Ndi zochititsa manyazi kuti m'chaka cha 2021 idachita kukhala kampani ya Mars, mwini maswiti a Skittles, yothamangira kukhoti kukasumira akathyali otere. Idapambana mu 2022, inde. Koma iyo imateteza dzina lake la malonda. Mlandu wa kuika moyo wa mwana pachiswe ndi wa apolisi ndi oimira boma pamilandu, ndipo zaka 14 zija sadazilembe kuti zikongoletse buku la malamulo.

Nkhaniyi siili kutali ndi Malawi. M'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo idaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, nikhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, komanso chilango cha K50 miliyoni ndi zaka 25 kwa olima, okonza kapena ogulitsa popanda chilolezo. Munthu wothira chamba m'chitumbuwa kapena m'keke n'kukagulitsa pafupi ndi sukulu wakonza ndipo wagulitsa, ndiye kuti ameneyo khoti limuzenge monga lizengera wonyamula matumba a chamba pagalimoto.